Kumangirira khoma la chipinda chapansi ku silabu pa mapuloti otsetsereka a ku Chipata

Amene anagula puloti m'mbali mwa mapiri a kuno ku Chipata amadziwa mmene malo athu alili. Ukaima kumtunda kwa puloti yako, malata a mnzako wakumunsi umawaona pamwamba. Ndiye pomanga ambiri amadula phiri pang'ono n'kupezapo chipinda chapansi. Wina amachisandutsa galaja, wina amasungiramo chimanga ndi nshawa, wina amaikamo wa lendi. Nzeru imeneyi ine ndimaiyamikira, chifukwa malo amene akanangodzazidwa ndi dothi amasanduka chipinda. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi khoma lakumtunda la chipindacho, lija limatsamirana ndi phiri, pakuti amisiri ambiri amalimanga ngati khoma la kubalaza.

Khoma wamba lili ndi ntchito imodzi, kusenza denga. Katundu wake amachokera pamwamba n'kutsikira pansi, ndipo kulemerako kumalithandiza kukhazikika. Khoma la chipinda chapansi limasenza nyumba yonse imene ili pamwamba pake, kwinaku dothi la phiri likulikankha kumsana usana ndi usiku. Kukankhako kumakula ukamatsika, moti mphamvu yambiri imathera chakumunsi, pafupi ndi pamene khoma lakumana ndi silabu, konkire yoyalidwa pansi pa chipinda. Pa khoma la msinkhu wa mamita 2.4, dothi lokha likhoza kukankha ndi mphamvu yoposa matani 2 pa mita iliyonse ya m'litali mwa khomalo. Madzi akadzaza kumbuyoko mu Januwale kapena mu Febuluwale, dothi ndi madzi pamodzi zimapitirira matani 4 pa mita. Daka yopyapyala imene ili pansi pa kosi yoyamba, ndiwo mzere woyamba wa mabuloko, singagwire zimenezo.

Ndinaitanidwapo kukaona nyumba ina m'munsi mwa phiri mvula itagwa masiku atatu otsatizana. Khoma linali la mabuloko abwino, pulasitala yake yosalala, penti yowala. Koma m'munsi mwake linali litaseleleka kulowa m'chipinda mwina zala ziwiri, ndipo mng'alu unayenda kuchokera pa kona ina kukafika pa inzake. Titagumula buloko imodzi tinapeza m'kati muli mphako, mulibe chitsulo ngakhale chimodzi cholowa mu silabu. Chikomekome cha mkuyu. Mayi mwini nyumbayo anali atasonkhanitsa ndalama za penshoni yawo, ndipo m'chipindamo munkagona adzukulu awo. Chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'chimene ndikufuna kukusiyirani: khoma lotere liyenera kumera mu konkire ya pansi pake monga mtengo umamerera m'nthaka, ndipo mizu yake ndi zitsulo.

Musanakumbe

Yambani ndi pulani. Chipinda chapansi chionekere pa pulani imene mukupereka ku khonsolo ya mzinda wa Chipata, osati kuchiganizira mutaona kuti maziko akumunsi atalika. Kukula kwa maziko, kukula kwa zitsulo ndi kutalikirana kwake aziwerenge injiniya wolembetsedwa ku EIZ, bungwe la mainjiniya a m'Zambia, ataona dothi la pamalopo ndi maso ake. Katondo wofiira wa m'mbali mwa phiri ndi makande a kudambo sizikankha mofanana, ndipo makande amafufuma akanyowa. Miyezo imene nditchule m'munsimu ndi imene imagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa khoma losapitirira mamita 2.4 losenza nyumba yosanja kamodzi. Ikuthandizeni kumva chimene chili pa pepala ndi kuona ngati mmisiri akuchitsata. Ikasiyana ndi ya injiniya wanu, tsatani yake.

Kumbani m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Chigwembe chakuya kuposa mita imodzi ndi pang'ono chimatha kugumukira munthu mosapereka chenjezo, choncho m'mbali mwake mupendeke, ndipo dothi lokumbidwa muliunjike patali ndi m'mphepete. Pakati pa phiri lodulidwalo ndi pamene padzakhale khoma siyanipo mpata woti munthu aziyendamo ndi ndowa, masentimita 60 kapena kuposa, chifukwa kumbuyoko kuli ntchito yambiri imene tidzabwerere. Funsaninso kumene kwadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo za ZESCO piki isanagwe.

Pamene khoma lidzaponde

Silabu ya pansi pa nyumba nthawi zambiri imakhala yochindikala masentimita 10. Imeneyo ndi yoti anthu, mabedi ndi galimoto yaing'ono ziyendepo. Khoma losenza nyumba silingaime pamenepo, lingaithyole. Pansi pa mzere wa khoma pamafunika maziko akeake, ndiye kuti silabu imachindikala pamenepo n'kulowa pansi, masentimita 30 kapena kuposa, m'lifupi masentimita osachepera 60. Ngati pamwamba pa khoma sipadzakhala silabu yoligwira, mazikowo amakula kwambiri, mpaka theka la msinkhu wa khoma kapena kupitirira.

Kumbani ngalandeyo mpaka mutafika pa dothi lolimba limene silinasunthidwepo. Dothi lothira, ngakhale mulitsendere bwanji, si poikapo maziko. Pansi pake pakhale levulo. Pamene puloti yatsetsereka kwambiri pangani masitepe, musapendeketse ngalande. Thirani mankhwala a chiswe, kenaka konkire yopyapyala ya masentimita 5 yoti zitsulo zisakhudzane ndi dothi. Pansi pa silabu yalani pulasitiki yokhuthala yotchinga chinyontho.

Zitsulo za m'maziko ziyende m'litali, ma Y12 (zitsulo za makulidwe a mamilimita 12) atatu kapena anayi, omangidwa ndi ena opingasa. Zikwezeni ndi timiyala ta simenti topanga nokha, tochindikala masentimita 5. Zidutswa za njerwa ayi, zimamwa madzi n'kuwafikitsa ku chitsulo. Conforce, ukonde wa waya wa mu silabu, ilowe m'mazikomo ndipo imangidwe ndi waya, kuti silabu ndi maziko zikhale thupi limodzi. Khoma likafuna kuseleleka lidzapeze silabu yonse ikulitchinga.

Ma starter

Apa ndiye pagona nkhani. Ma starter ndi zitsulo zopindidwa ngati chilembo cha L, phazi lake lili m'maziko, mutu wake uli kunja kudikira khoma. Dulani Y12 mamita 1.2, pindani phazi la masentimita 30, ndipo zotsalazo ziime chilili kotero kuti masentimita osachepera 60 atulukire pamwamba pa silabu. Chifukwa cha 60 ameneyu ndi ichi. Chitsulo cha m'khoma chidzagundizana ndi starter, ndipo kuti mphamvu idutse kuchoka mu china kupita mu chinzake ziyenera kuyenda limodzi utali wokwana makulidwe a chitsulocho maulendo 50. Mamilimita 12 kuchulukitsa ndi 50 ndi mamilimita 600. Starter yotuluka chikhatho chimodzi ili ngati kulibe.

Chitsulo chimodzi cha mamita 12 chimatulutsa ma starter 10. Khoma la mamita 10 m'litali, starter imodzi pa masentimita 40 aliwonse, lifuna ma starter 26. Zimenezo ndi zitsulo 3 zokha. Ndimanena izi chifukwa anthu amadumpha ma starter poganiza kuti akupulumutsa ndalama, pamene mtengo wake sufika ngakhale pa wa chitseko chimodzi chabwino.

Pindani chitsulo chili chozizira, pa benchi yopindira, ndipo kona yake ikhale yozungulira pang'ono. Musachiotche pamoto, ndipo chimene chapindidwa kale musachiwongole n'kuchipindanso, chimachita ming'alu yosaoneka. Dzimbiri lopepuka lofiirira silivuta. Lija lofundudzuka ngati makoko lichotseni ndi bulashi ya waya, ndipo oyilo kapena girisi asakhalepo.

Tsopano poziika. Vuto lalikulu limene ndimaona n'lakuti ma starter amaikidwa mwachisawawa, ndiye tsiku loyala mabuloko chitsulo chimapezeka chaima pamene pali nthiti ya buloko, osati pa bowo. Mmisiri amangotenga hamala, n'kuchigonetsa pansi, n'kuyala buloko pamwamba. Kuti zimenezi zisachitike, tengani thabwa lalitali lowongoka, liikeni pansi pamalo osalala, ndipo ndandikani mabuloko enieni amene mudzamangire, a 8 inchi, kusiya mpata wa sentimita imodzi pakati pawo. Chongani pa thabwalo pakati pa bowo lililonse. Buloko ndi daka yake zimatenga masentimita 40 ndipo buloko ili ndi mabowo awiri, choncho mabowo amabwera pa masentimita 20 aliwonse. Mukadumpha bowo limodzilimodzi mupeza 40 uja. Yezerani pa mabuloko anu enieni chifukwa zikombole za oumba mabuloko m'tauni muno sizifanana. Thabwalo likhomereni pa zikhomo pamwamba pa ngalande, potsata chingwe cha khoma, ndipo mutu wa starter iliyonse muumangirire pa chizindikiro chake. Phazi limangidwe ndi waya ku zitsulo za pansi pa maziko. Pa kona iliyonse ndi m'mbali mwa chitseko kapena windo pakhale starter yakeyake.

Funsani injiniya kuti chitsulo chiime mbali iti ya bowo. Khoma limene silinagwiridwe pamwamba limafuna kugwa chogwadira m'chipinda, ndiye limang'ambikira kumsana, kumbali ya dothi, ndipo chitsulo chimayandikira kumeneko. Logwiridwa pamwamba ndi pansi limatukuka mimba pakati, ndipo pamenepo limang'ambikira m'kati mwa chipinda. Chitsulo chomwecho chikaikidwa mbali yolakwika chimagwira ntchito yochepa kwambiri. Kulikonse kumene chaima, pakati pa icho ndi buloko pakhale mpata woti konkire idutse.

Kubaya zitsulo zowongoka mu konkire yaiwisi mutathira kale, monga ambiri amachitira, sindikuvomereza. Chitsulo chimakankha miyala n'kusiya mphako m'mbali mwake, phazi chilibe, ndipo chimapendekeka.

Mukamaliza, vekani mitu ya ma starter mabotolo a pulasitiki. Pamalo omanga pamadutsa ana, ndipo munthu akagwera pa chitsulo chotere sizikhala bwino.

Kuthira konkire

Muyezo wa 1:2:4 ndi wochepetsetsa umene ndingalole pano. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje yodzaza mosefukira ayi koma molingana ndi milomo, ndi mawilibala awiri a miyala ya mamilimita 20. Kaya ndi Dangote, Chilanga kapena Sinoma, onani nambala ya pathumba. Ya 42.5 imalimba kuposa ya 32.5 ndipo ndiyo yoyenera maziko onyamula katundu. Thumba limene lachita mibulu yolimba libwezeni. Mchenga ukhale wopanda dothi. Thiraniko pang'ono m'botolo la madzi, khutchumulani, siyani udikhe. Mukaona matope ambiri atakhala pamwamba pa mchengawo, utsukeni kapena funani wina.

Madzi asapitirire malita pafupifupi 25 pa thumba, ndiye kuti chigubu cha malita 20 ndi kotala, ndipo achepe ngati mchenga ndi wonyowa. Anyamata amakonda konkire yamadzimadzi chifukwa imapepuka pa fosholo, koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo, ndipo konkire imafooka. Imani pomwepo nokha tsiku limeneli.

Thirani maziko ndi silabu tsiku limodzi ngati n'kotheka. Gwedezani ndi poka ya injini, kapena tsinyani bwino ndi chitsulo, makamaka mozungulira mapazi a ma starter. Konkire isanaume yang'ananinso kuti palibe starter imene yasuntha. Silabu yonse isalazeni mmene mukufunira, koma mzere umene padzaponde khoma muusiye wokhakhala. Ukandeni ndi bulashi yolimba kapena msomali miyala ionekere, kuti konkire ya m'mabowo idzalumane ndi ya pansi. Thirirani masiku 7 osadumpha, ndipo fundikani ndi masaka kapena udzu, pakuti dzuwa la Seputembala ndi Okutobala limaumitsa pamwamba m'kati musanakhwime. Mphamvu yake yowerengedwa konkire imaipeza pa masiku 28.

Ngati silabu inathiridwa kale popanda ma starter

Ambiri amene amandifunsa ali pamenepa. Choyamba dziwani chimene chili pansi. Boolani bowo loyesera pa mzere wa khoma, kapena kumbani m'mphepete muone kuchindikala kwake. Mukapeza masentimita 10 okha pamwamba pa dothi lothira, palibe guluu kapena bawuti imene ingakupulumutseni. Dulani silabuyo ndi galayinda m'litali mwa khoma, kumbani ngalande, ndipo pangani maziko atsopano okhala ndi ma starter monga tafotokozera. M'mbali mwa silabu yakale boolani n'kulowetsamo zitsulo zazifupi kuti yakale ndi yatsopano zigwirane. Zimapweteka kudula chinthu chimene unalipira, koma njira yachidule palibe.

Mukapeza konkire yochindikala masentimita 25 kapena kuposa, yolimba, ndipo yatha masiku 28, mukhoza kubzala zitsulo ndi epoxy, guluu wolimba womatira chitsulo mu konkire. Amagulitsa m'machubu a mitundu iwiri yosakanikirana potuluka, monga a Sika, Hilti kapena Fischer. Sankhani yolembedwa kuti ndi ya zitsulo za mu konkire, onani tsiku lothera ntchito, ndipo isungeni pamthunzi.

Chongani mabowo ndi thabwa lija. Bowo lisayandikire m'mphepete mwa konkire kuposa masentimita 10, chifukwa m'mphepete mumabenthuka. Pa Y12 gwiritsani biti ya mamilimita 16 ndi dirilo yomenya. Kuya kwake tsatani pepala la epoxy ndi mawu a injiniya, koma kusachepere masentimita 15 mpaka 20, ndipo pansi pa bowo pazitsala konkire masentimita 5. Kulungani tepi pa biti kuti mabowo onse afanane. Mukagunda chitsulo cha m'kati musachidule, sunthani bowo pang'ono.

Kenaka kuyeretsa, kumene anthu amakunyozera pamene ndiko kumagamula zonse. Fumbi lotsala m'bowo limakhala ngati ufa pa chikhatho, epoxy imamatira ku fumbilo m'malo mwa konkire, ndipo chitsulo chimazuka ndi mphamvu yochepa. Pemererani ndi pampu yokhala ndi kapaipi kofika pansi pa bowo, kwechani ndi bulashi yozungulira ya waya, pemereraninso. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu mpaka fumbi litasiya kutuluka. Pakamwa musapemerere, fumbi la konkire limawononga mapapo ndi maso. Madzi asaime m'bowomo.

Epoxy yoyamba kutuluka itayeni mpaka mtundu wake ukhale umodzi. Lowetsani mlomo wa chubu mpaka pansi, finyani mukukweza pang'onopang'ono, ndipo lekani bowo likadzaza magawo awiri mwa atatu. Lowetsani chitsulo mochipotokola mpaka chigunde pansi. Epoxy pang'ono iyenera kusefukira pamwamba, ikapanda kutero ndiye kuti yachepa. Kukatentha imagwira m'mphindi zochepa, choncho konzani mabowo onse ndi zitsulo zonse musanatsegule chubu, ndipo gwirani ntchitoyi m'mamawa. Mukabzala musachigwedeze mpaka nthawi yolembedwa pa chubu itakwana.

Kuthira phala la simenti m'bowo n'kukhomeramo chitsulo sikufanana ndi zimenezi. Phalalo limanyala likauma ndipo chitsulo chimakhala chogwedera. Mabawuti a Rawl, aja amatukuka m'bowo ukawamanga, ali ndi ntchito yawo. Ngati m'kati mwa chipinda mukuimika khoma la matabwa kapena nsanamira yachitsulo yothandiza kusenza, thabwa lapansi likhale lothiridwa mankhwala a chiswe, pansi pake pakhale DPC, pulasitiki yotchinga chinyontho, ndipo limangidwe ndi mabawuti a M12 (a mamilimita 12) osatalikirana kuposa mamita 1.2, ina pafupi ndi mapeto aliwonse. Pansi pakenso pamafunika maziko. Koma pa khoma lotsamira phiri mabawuti otere sakwanira.

Kukweza khoma

Sesani mzere wa khoma, utsukeni, ukhale wonyowa pang'ono. Pano pali chizolowezi chimodzi choti musiye. Mmisiri aliyense anaphunzira kuyala DPC ya pulasitiki pansi pa kosi yoyamba, ndipo pa makoma a pamwamba akulondola. Pa khoma ili pulasitikiyo imalekanitsa khoma ndi silabu n'kukhala poselelekera. Chinyontho tidzachitchinga kunja.

Daka ikhale ya thumba limodzi la simenti pa mawilibala awiri a mchenga, ndiyo 1:4. Mabuloko akhale okhwima, oti ukawagogoda amalira, osati ofumbutuka ndi chala. Lowetsani buloko iliyonse pa starter yake, ndipo daka muipake m'mbali mokha kuti mabowo akhale otseguka mpaka pa silabu. Makosi alumane pa theka kuti mabowo aziyang'anana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pa kosi yoyamba, pamene pali chitsulo, dulani kawindo kakang'ono m'mbali mwa buloko. Daka yonse yogwera m'kati pomanga mudzaitulutsira pamenepo. Ikapanda kuchotsedwa imaunjikana pansi, ndipo konkire siifika pamalo pomwe ikufunika kwambiri.

Mangirirani zitsulo zoima ku ma starter ndi waya malo awiri kapena atatu. Zopingasa, Y10 kapena Y12, ziyende pa kosi yachiwiri kapena yachitatu iliyonse, m'kanjira kogobedwa pa nthiti za mabuloko. Pa kona zisathere pomwepo, zipinde n'kulowa m'khoma linalo masentimita 60. Brickforce, waya woyala mu daka pakati pa makosi, ikhalepo, koma ndi kawaya chabe, silowa m'malo mwa zitsulo zimenezi.

Mukakwera makosi 5 kapena 6 imani. Siyani daka igwire tsiku limodzi kapena awiri, yeretsani, tsekani timawindo ndi thabwa, ndipo dzazani mabowo onse, ngakhale opanda chitsulo. Konkire yake ndi ya miyala yaing'ono ya mamilimita 10, simenti yochulukirapo, ndipo ikhale yoyenda chifukwa mabuloko amamwa madzi. Tsinyani bowo lililonse ndi chitsulo. Lekezani masentimita 4 pansi pa mlomo wa buloko yapamwamba, kuti yothira mawa idzalowe m'menemo ndipo mfundo yake isagwere pa mzere wa daka. Mukatha gogodani khoma ndi hamala. Pamene pakulira ngati ng'oma pali mphako.

Pamwamba pathere ndi ring beam, lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma, ndipo zitsulo zoima zipinde n'kulowa mu silabu yapamwamba. Khoma limagwiridwa ku miyendo ndi kumutu.

Kumbuyo kwa khoma

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Puloti yanu musanaidule madzi a phiri ankadutsa pomwepo, ndipo adzabwerabe. Tawerengera kale kuti ndi amene amachulukitsa katundu wa khoma, choncho ma starter anu mumawathandiza powapatsa madziwo njira.

Pakani pulasitala kunja kwa khoma, ndipo pamene khoma lakumana ndi maziko umbanipo kachitunda kopendekeka kuti madzi asaime pa mfundoyo. Ikauma pakani phula lotchinga madzi maulendo awiri kapena atatu, lililonse liziyamba lauma, kutsika mpaka kuphimba m'mbali mwa maziko. Tchingani phulalo ndi pulasitiki yokhuthala kapena mabolodi kuti miyala isalikande.

M'munsi, motsika kuposa pansi pa chipinda, gonekani paipi ya PVC ya mamilimita 110 yobooledwa, yotsetsereka sentimita imodzi pa mita iliyonse. Izungulireni ndi miyala yoswa yopanda dothi, ndipo miyalayo ikwere m'mbali mwa khoma m'lifupi masentimita 30. Pakati pa miyala ndi dothi pakhale nsalu yosefa, apo ayi dothi lidzatseka mipata m'zaka zochepa. Mwayi wathu wa kumapiri ndi wakuti paipiyo ili ndi kotulukira. Izungulire nyumba ikathere kumunsi, mu ngalande ya msewu, osati pakhomo pa mnzanu. Kumapeto kwake ikani sefa ya waya, makoswe ndi njoka zimakonda mapaipi otere.

Musafulumire kukwirira. Khoma lowerengedwa kuti ligwiridwe ndi silabu yapamwamba silingathe kusenza dothi palokha, ndipo makoma ambiri amathyoka tsiku lokwirira nyumba isanathe n'komwe. Dikirani silabu yapamwamba ithiridwe ndi kukhwima. Ngati mvula yayandikira ndipo simungadikire, chirikizani khomalo m'kati ndi mitengo yolimba pa mita ndi theka iliyonse. Kwirirani ndi gelevulo kapena dothi lamchenga, makande ayi, masentimita 15 nthawi imodzi, kutsendera ndi chitsendero cha manja. Tipa yodzaza mchenga kapena kompakita yaikulu isayandikire khoma. Masentimita 30 apamwamba tsekani ndi katondo wotsendera, kenaka khonde la konkire la mita imodzi lopendekera kutali ndi nyumba. Kumtunda kwa puloti kumbani ngalande yopatutsa madzi a phiri, ikani magata pa denga, ndipo thanki ya chimbudzi, dzenje la madzi a kubafa, mpopi ndi nthochi zikhale kumunsi, kutali ndi msana wa khomali.

Dzinja loyamba likafika, mvula yaikulu ikangokata, pitani kumapeto kwa paipi ija mukaone ngati ikutulutsa madzi. Lowaninso m'chipinda ndi tochi, yendani m'munsi mwa khoma, ndipo imikani levulo pakati pake malo atatu kapena anayi. Mchere woyera pa pulasitala ukutanthauza kuti chinyontho chikudutsa penapake. Mukaona mng'alu wopingasa, chongani mapeto ake ndi pensulo, lembani tsiku, ndipo yezani kukula kwake sabata iliyonse. Ukamakula, tulutsani anthu m'chipindamo, chirikizani khoma, ndipo itanani injiniya tsiku lomwelo musanaumate ndi simenti.